Mwala Wakumwamba Mumtsuko wa Batala

Tauni ya Tata,
9 Novembala 2023.

Wokondedwa mlongo wanga Najat,

Mwala wako unakhala masiku asanu ndi awiri mumtsuko wa batala wa Amayi usanatumizidwe kwa iwe. Ndadziwa dzulo masana. Ndayamba ndi zimenezi ndisanakufunse n'komwe za moyo wako chifukwa ndimakudziwa: kalata ikatalika umawerenga mizere itatu n'kuiika pambali.

Tsopano landira moni. Kuno tonse tili bwino, Mulungu ayamikike. Kanjedza wabereka pang'ono chaka chino chifukwa cha chilala, koma zipatso zake n'zotsekemera. Bondo la Ababa lasiya kuvuta kuyambira tsiku limene unawaimbira foni ija, moti masiku ano amapita kumsika wapansi.

Ndiyambe ndi zomwe tonse tikudziwa, kuti uone pamene pabooka. Mu Julaye chaka chatha Ababa anatola mwala wakuda, waukulu ngati dzira la nkhuku, kuchipululu kuseri kwa phiri. Anali atapita ndi ndodo yawo ya maginito monga amachitira amuna onse akuno mvula ikakana. Maginito sanaukoke kwenikweni, koma khungu lake lonyezimira ngati lowauka pamoto linawauza kuti si wapansi pano. Utaona chithunzi unati asaugulitse kwa ogula miyala a ku Erfoud, ndipo unatumiza pepala lasiliva loukulungira pamodzi ndi fomu yoti tilembepo mmene unasungidwira. Anzako a kulabotale ku Falansa anatsimikiza kuti ndi wochokera ku Mars, chifukwa mpweya wotsekeredwa m'kati mwake ukufanana ndi umene makina anayeza kudziko limenelo. Zimenezo sindikutsutsa. Kenako mwezi wathawu unatiuza kuti m'ming'alu yake, m'kati mwenimweni, mwapezeka timafuta ta mtundu umene zamoyo zimapanga, ndipo pa 21 mwezi uno udzaimirira pamaso pa akatswiri anzako n'kunena kuti mwina kumeneko kunali moyo.

Pepala lako lasiliva lija linatenga masabata awiri kuti lifike. Palibe amene anafunsa komwe mwalawo unkagona pa masiku amenewo. Inenso sindinafunse.

Unati tisauze munthu. Ababa anauza msika wonse. Lamlungu lapitali ndikudutsa pamalo omwera tiyi a pafupi ndi positi, wometa uja, amene timamutcha Si Abdellah, anandikuwira.

"Aphunzitsi, tabwerani! Ndiye akuti mlongo wanu wapeza achibale kumwamba? Muwauze atumizeko mvula, ife tiwatumizira kanjedza."

"Aaa, amenewo sangabwere kuno," anatero Moha wamatayala. "Akangoona maenje a mumsewu wathuwu abwerera pomwepo."

"Ine funso langa n'limodzi," anatero Si Abdellah, lumo lili m'thumba la malaya. "Akamapemphera amayang'ana mbali iti?"

Ababa anali atakhala pakati pawo, tambula ya tiyi ili m'manja. "Sekani, sekani, agalu inu," anatero akumwetulira. "Pa 21 mudzabwera kwanga kudzapempha pokhala, ndipo iwe Moha udzakhala pakhomo pamodzi ndi nsapato."

Anaseka onse. Koma ndinaona kuti aliyense potuluka ankayamba wakweza maso kumwamba, masanasana, ngati wina angamubayibitse. Anthu safuna kukhala okha, Najat, ngakhale amene amaseka. Ndawerenga mokwanira kuti ndidziwe kuti nthawi zonse pamene munthu wanena kuti wamva kapena waona anansi athu akumwambawo, mapeto ake chimapezeka kuti ndi chinthu chapafupi, chakukhitchini kwake komwe. N'chifukwa chake ndinkadzitama kuti ine sangandinamize.

Komabe zizindikiro zinalipo. Mtsuko waukulu wa batala wakale uja, umene Amayi anautseka ndi dothi chaka chomwe unapita kuyunivesite, unachoka kukhitchini n'kukakhala kuchipinda kwawo utafundidwa nsalu yobiriwira. Ndikapita kukadya Lachisanu ankandithirira mafuta a maolivi, ndikapempha batala ankati watha. Ndiye kuyambira pomwe Ababa anafalitsa nkhani yako, amayi a m'mudzi akhala akulowa ndi kutuluka m'nyumbamo, aliyense dzanja limodzi lili pansi pa nsalu. Ndinkaganiza kuti akubwera kudzayamikira.

Dzulo nditaweruka kusukulu ndinapita kukasiya mankhwala a Ababa. M'nyumba munalibe munthu. Ndikutuluka, ndinakumana pakhomo ndi Lalla Ijja, wa nyumba yoyandikana ndi mzikiti uja, atabisa kakapu pansi pa nsalu.

"Amako alimo, mwanawe?"

"Apita kumunda. Ndikuthandizeni chiyani, Lalla Ijja? Mchere? Shuga?"

"Ati shuga! Iwe ndi mabuku akowa. Ndikufuna kabatala ka mumtsuko wa mwala, kongokwana pachala basi. Mpongozi wanga chaka chachitatu chino, m'mimba muli zii. Chonsecho mbuzi ya Fadma inangonyambita kamodzi, yaswa mapasa."

"Mtsuko wa mwala uti?"

Anandiyang'ana, n'kugwira pakamwa. "Ine sindinanene kanthu," anatero, ndipo anathawa ngati mtsikana, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri.

Ndinadikira Amayi. Sanakane, sanachitenso manyazi. Anandiyankha akutsuka timbewu ta tiyi.

"Nanga ukanafuna ndiuike pati? Pansi, ngati nsapato? Chinthu chachokera kwa Mulungu, chadutsa miyamba yonse, chasankha bambo ako pakati pa amuna onse a m'chigwa muno, ndiye chilowe m'nyumba mwanga n'kutulukamo osasiya dalitso?"

"Amayi, munauika pamwamba kapena munaumiza?"

"Pamwamba? Ndine mwana ine? Ndinaukankhira mpaka pansi ndi chipande kuti dalitso lifike ponseponse. Agogo ako ankatero ndi mwala wa mphezi, ndipo batala wawo sankatha."

Ukukumbukira mmene Julaye amatenthera kuno. Batala sakhala wolimba, amayenda ngati madzi. Atauvuula, Ababa anaukwecha ndi mchenga wouma mpaka khungu lake linayera, kenako anauyanika padenga masiku awiri kuti fungo lichoke. Iwe ukudziwa kuposa ine zomwe dzuwa lingachite ndi mafuta amene alowa kale mumng'alu.

Ababa ndinawapeza kumunda, inali nthawi yawo yothirira. Anandimvera ali chiweramire, akutsegulira madzi ndi khasu.

"Wamuuza?"

"Ayi. Koma ndimuuza."

"Usamuuze. Azungu aja ali ndi makina oona tsitsi la nyerere. Akanakhala batala, bwenzi atamuona kalekale."

"Sanamufunefune, Ababa. Tinawalembera kuti mwalawo sunakhudzane ndi chilichonse."

"Nanga batala ndi chinthu? Si chakudya chodalitsika? Ndinaupukuta ndekha, unayera ngati mbale." Anaweramuka, nkhope ili gwa. "Tamvera, Lahoucine. Mlongo wako wavutika zaka khumi kudziko lozizira, wopanda mwamuna, wopanda mwana. Lero Mulungu wamutsegulira khomo, iwe ukufuna ukatseke ndi phazi. Ndimakudziwa. Kuyambira tsiku lomwe iye anakwera ndege iwe n'kutsala ndi choko, mtima wako sunakhale pansi."

Madzi anasefukira m'munda wa eni ake ife tikuyang'anizana, mpaka mwini mundawo anakuwa. Sitinalankhulanenso.

Mawu a Ababawo ndawayeza monga ndimayezera china chilichonse, ndipo sindinganene kuti mulibe choona. Pamene unaimba foni kunena za timafuta tija, ndinasangalala, koma pansi pa chisangalalocho panali kanthu kena kowawa. Ndikuvomera. Koma nsanje yanga siinaike mwala mumtsuko.

Cholakwa changa ndi china, ndipo n'chachikulu. Tsiku lomwe ndinadzaza fomu yako, Ababa anandipatsa mwalawo ndisanaukulunge. Ndinamva fungo, Najat. Linali lochepa, koma ndinalimva: fungo lija la batala wakale wothira zitsamba, limene limatsalira m'zala ngakhale usambe kawiri. Ndinadziuza kuti chilichonse m'nyumba ya Amayi chimanunkhira choncho, ngakhale makope athu asukulu ankanunkhira choncho. Funso linali pamlomo, koma ndinalimeza. Pamzere wofunsa ngati mwalawo unakhudzana ndi madzi, mafuta kapena chakudya, ndinalemba kuti ayi, n'kusaina. Ndinkafuna dzina langa likhale papepala limene lidzasungidwe pamodzi ndi mwala wa ku Mars. Ine amene ndimachotsera ana malikisi akalemba zomwe sanaone ndi maso awo.

Tsono ndisiyanitse zomwe ndikudziwa ndi zomwe sindikudziwa. Ndikudziwa kuti mwalawo unamira m'batala wosungunuka wa mkaka wa mbuzi kwa sabata yathunthu, ndipo mboni zilipo zitatu, Amayi, Ababa ndi Lalla Ijja, ngakhale ziwiri zomalizazo sizingavomere pamaso pa mlendo. Sindikudziwa ngati timafuta mwapezato ndi ta mbuzi za Amayi. Mwina munadula pamalo pomwe batala sanafike. Mwina muli ndi njira yosiyanitsira za kuno ndi za kutali imene ine mphunzitsi wa sekondale sindinaimve. N'kuthekadi kuti kumeneko kunali moyo, ndipo ukudziwa kuti palibe angakondwe kuposa ine, amene ndinakuonetsa kadontho kofiira kaja ka Mars kumwamba uli ndi zaka zisanu ndi zitatu. Koma ukakaima pa 21 osadziwa za mtsukowu, wina adzadziwa pambuyo pake. Nkhani yomwe Lalla Ijja akuidziwa si chinsinsi. Ogula miyala a ku Erfoud, amene Ababa anawakaniza mwalawo, abwera kale kawiri m'mudzi muno, ndipo sakufunsa za miyala yatsopano ayi, akufunsa amayi za mmene tinausungira. Sindikudziwa amene wawatuma. Anthu a kudziko uliko adzakhululukira mayi wokalamba wa kuchipululu, adzaseka n'kuiwala. Iwe sadzakukhululukira, ndipo chilichonse chomwe udzapeze m'moyo wako adzayamba achinunkhiza.

Ndinakuimbira kawiri dzulo, unati uli m'labotale udzaimba. Mwina zakhala bwino choncho. Pafoni ukanandikalipira, ine n'kukalipanso, ndipo ukanaganiza zomwe Ababa akuganiza. Sindikupempha kuti undikhulupirire. M'phukusi lomwe labwera ndi kalatayi muli kabotolo ka batala wa pansi penipeni pa mtsuko. Muyeze ndi makina omwewo, uike zotsatira zake pambali pa za mwala, uone wekha. Ngati zasiyana, ng'amba kalatayi ndipo udzanditche dzina lililonse lomwe ungafune pamaso pa msika wonse. Ngati zafanana, uza akuluakulu ako iwe mwini, tsikulo lisanafike. Akafuna kudziwa wolakwa, usatchule Ababa kapena Amayi. Dzina langa lilipo kale pafomu, ndipo kalata ino ndaisainanso kuti ukawaonetse.

Amayi akupereka moni wambiri. Kabotoloko adzaza okha. Nditawapempha m'mawa uno kuti ndikutumizireko batalayo, nkhope yawo inawala, anati kodi mwana wanga wamabukuyu wayamba kumva tsopano. Anapisa dzanja mpaka m'chigongono kuti akupatse wa pamalo pomwe mwala unagona. Akuti udyeko pang'ono ndi buledi m'mawa wa tsikulo, wina udzipake pakhosi kuti mawu adzatuluke bwino pamaso pa azungu. Sindinawauze chomwe ndikutumizira. Aikamonso kanjedza wa mumtengo wako uja, ndi masokosi awiri.

Ababa sanandipatse moni woti ndikupatsire chifukwa sakundilankhula, koma ndikudziwa kuti akanapereka. Asoketsa mkanjo watsopano woyera. Agula nkhosa, aimangirira pabwalo, ndipo Moha walonjeza kubweretsa wailesi yakanema yaikulu kuti mudzi wonse udzakuone. Ukadziwa zotsatira, usawaimbire iwo poyamba. Imbira ine, ndipita ndekha kukawauza, nkhosayo isanaphedwe.

Phukusili ndapatsa Hmad, woyendetsa basi ya ku Falansa, mwana wa malume Bihi. Anyamuka mawa akatuluka kumzikiti, ndipo akuti afika kwanuko Lolemba cha m'ma teni koloko m'mawa. Ukamudikire pasiteshoni.

Ndine mlongo wako,
Lahoucine.