Nambala ya mfuti ya atate

Kabushi, Ndola
14 Juni 2023

Okondedwa alongo anga a Fidelis,

Muli bwanji kumeneko ku Chadiza? Mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tili bwino, kungoti amuna anga a Henry akutsokomola ndi fumbi la mwezi uno.

Ndiyambe ndi kupepesa. Tsiku lija ndinakuyankhulani moipa pa foni, ndipo sindikufuna kupepesera pa foni pomwepo, poti mawu amangodukaduka.

Paja mfuti ija atate anaigula ali pantchito ku mgodi kuno, ndipo atamwalira buku lake la laisensi linatsala m'sutikesi mwanga. Lachiwiri ndinapita nalo ku polisi pamodzi ndi manambala munanditumizira aja, kuti alembe dzina lanu. Wapolisi anayang'ana buku, kuyang'ana pepala, n'kunena kuti izi ndi mfuti ziwiri zosiyana. Anati ngati ili kumudziyo si imene inalembedwa m'buku, ailanda ndipo woisunga ayankha mlandu. Ndinatenga bukulo n'kutuluka. Mu minibasi ndinayamba kuganiza kuti mwina ya atate munagulitsa n'kupeza ina yosadziwika kochokera. N'chifukwa chake ndinakalipa chonchija.

M'mawa mwake ndinaonetsa pepalalo a Philemon, aneba athu amene anasunga mfuti za alonda a pamgodi zaka zambiri. Anaseka mpaka kutsamira khoma, n'kundifunsa m'Chibemba kuti anakopera zimenezi ndani. Akuti 12 ija ndi kukula kwa zipolopolo zimene imadya, 70 ndi kutalika kwake, ndipo zilembo zija zikungonena mtundu wa mfutiyo. Mfuti zambirimbiri zili nazo zomwezo. Nambala yakeyake, yosafanana ndi ina iliyonse, papepalapo panalibe. Alongo, manyazi anandigwira.

Tsono pempho langa ndi ili. Yambani mwaonetsetsa kuti mulibe chipolopolo. Itseguleni pakati, muchotse kamtengo kali pansi pa paipi kaja, muyang'ane pa chitsulo chimene kamabisa. Mukapanda kuipeza pamenepo, muone kunsi, pafupi ndi pokokera chala. Ngati pali dzimbiri, pukutani ndi kansalu ka mafuta basi. Musapale ndi mpeni kapena sandipepa. Apa a Philemon anabwereza kawiri, akuti apolisi angaganize kuti mumafuna kufufuta nambala. Mukatero ikani pepala pamwamba, mukhwekhwereze pensulo, nambala idzaoneka yokha. Pepala ndi pensulo ndaika mu envelopu momwemu. Ya m'buku ikuyamba ndi K, kuthera ndi 407.

Mumupatse Simeon pepalalo pobwerera kuno, ndiye akubweretserani kalatayi. Wapolisi anandipatsa mpaka kutha kwa mwezi, ndipo ine sindifuna kuti nguluwe zikumalizireni chinangwa mulibe choziopsezera.

M'bukumo muli chithunzi cha atate asanakwatire, tsitsi lili thoo, makutu ali ngati anu ndendende. Mwana wanga Joy atachiona anati ndi amalume a Fidelis. Ndamuuza kuti ndi agogo ake koma akukanabe, moti wachiika pambali pa kachithunzi ka Maria Woyera, akuti azipempherera mwendo wanu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Charity, kwa amayi aang'ono a Peggy, ndi kwa ana onse. A Henry ndi ana akupereka moni.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Felistus