Mwana wanga amatseka mphuno ndikamuyandikira

Aphungu,

Ndine mayi wosoka zovala, ndili pabanja, ndipo ndili ndi mwana mmodzi wamkazi wazaka zisanu. Timamutcha Kambalame chifukwa pakamwa pake sipatsekeka. Chaka chatha anandipeza ndi chifuwa chachikulu, chija chosamva mankhwala msanga. Achipatala anati ndikhale pandekha, ndiye mwana tinakamusiya kwa amayi anga, kutali ndithu. Ine ndinkangobindikira m'chipinda chosokera. Bambo akunyumba ankandiikira chakudya pampando pakhomo, n'kugogoda, n'kuchoka. Ndikaimba foni mwana ankangolira, mpaka amayi anati ndiyambe ndasiya kuimba.

Mwezi wathawu adokotala anati ndachira, sindingapatsirenso munthu. Bambo anabwereka galimoto kwa mnzawo wa kugalaja, ife ulendo m'mamawa. Galimoto yake, Aphungu, ikangoona mtunda inkayamba kufuka nthunzi, ife n'kuima, kuthira madzi, kudikira. Tayala linaphulikanso pamlatho. Ine ndinkangoseka zonsezi, diresi limene ndinamusokera nditalifungatira pamiyendo. Mpaka bambo anati, "Amake mwana, mukamangosekerera chonchi anthu aziti chifuwa chatha, kwabwera misala."

Titafika, mwana anathamangira bambo ake. Atandiona ine ndikutsika, anaima chilili, n'kutseka mphuno ndi pakamwa ndi manja onse awiri. Ndinagwada, ndinamuitana. Iye anabwerera chambuyo osapuma, maso ali tong'o, mpaka anakagwa pakhonde. Ndinamumva akunong'oneza agogo ake kuti, "Agogo, ndapumako pang'ono. Ndifa?"

Nditawafunsa amayi anati, "Nanga ndikanatani, mwanawe? Tsiku lina ndinamupeza kumsewu akuimitsa malole kuti amutengere kwa iwe. Ndinamuuza kuti mpweya wa amayi ako ukaupuma umafa. Kuyambira pamenepo sanatulukenso pageti." Ndinawalalatira mawu oti sindingawalembe pano. Mawa lake tinabwerera awiriwiri, kumbuyo kulibe munthu. Diresi ndinalisiya patebulo. Likanamuthinanso, mwana wakula ine kulibe.

Bambo akuti tikangomunyamula basi, alire alire adzatonthola. Ine amayi sindikufuna kuwaonanso. Koma ndikakumbukira maso aja ndikusoka, singano imangondibaya. Ndikamutenge mokakamiza? Kapena ndimusiye akulire komweko, ine ndikhale ngati mliri kwa mwana wanga yemwe?

L.G.M., kutauni

Mayi L.G.M.,

Kalata yanu yandiwawa, yandikwiyitsanso. Ine zolankhula mozungulira sindizitha, ndiye mundipirire.

Amayi anu analakwa. Mwana samuopseza ndi mayi wake womubereka, ngakhale zitavuta bwanji. Koma musaiwale kuti gogo ameneyu anapeza mdzukulu wake pakati pa malole. Akanangoti "usapitenso kumsewu", mwina lero mukanandilembera za maliro. Ndiye zoti simukufuna kuwaonanso zichotseni m'mutu, chifukwa popanda iwo mwanayu simumupeza.

Mwana wanu sakudana nanu. Akungomvera zimene anauzidwa ndi munthu amene wakhala akumusambitsa ndi kumugoneka nthawi yonseyi. Inu mukati "ndachira", kwa iye wolankhulayo ndi munthu woopsa uja. Amene anamanga mfundo ndi agogo, oyenera kumasula ndi iwo omwewo.

Aimbireni foni amayi anu. Pepesani chifukwa cha kulalata kuja, koma za kudwala musapepese, simunachite kukagula matendawo. Apempheni ayambe pano kumuuza mwana, osati kamodzi, kuti adokotala achotsa matenda onse ndipo iwo anakokomeza pofuna kumuteteza. Akachita manyazi kuvomera pamaso pa mwana, auzeni kuti manyazi awo ndi ochepa poyerekeza ndi mwana wogwa pakhonde.

Kenako mupiteko, koma osati zogona tsiku limodzi ngati mlendo wodutsa. Nyamulani makina anu, mukasokere pakhonde pomwepo. Musamuitane, musamuthamangitse, musamakalire pamaso pake. Agogo azikhala nanu pafupi, azimwera kapu imene mwamwera inu mwana akuona, ndipo m'mawa aziwaona adzuka bwinobwino akusesa. Bambo ake achitenso chimodzimodzi. Ana amakhulupirira maso kuposa makutu. Mukapitenso naye kuchipatala cha pafupi, agogo atamugwira dzanja, namwino akamuuze yekha, akamuyezenso poti munkakhala limodzi musanadziwe kuti mukudwala. Nanunso masiku anu a kuchipatala musamadumphe.

Sindikunamizani kuti zitheka msanga. Mwina mudzabwereranso nokha kachiwiri, ndipo zidzawawa kuposa poyamba. Nthawi imene matenda anakuberani sibwerera, imeneyo muilire ndithu.

Koma bambo akunyumbawo muwauze kuti ine ndakana, fupa lokakamiza limaswa mphika. Taganizani: mwana wokhulupirira kuti mpweya wanu umapha, mwamutsekera m'galimoto tsiku lathunthu, inu muli pampando wakutsogolo mukupuma. Adzatonthola, inde. Koma adzatonthola akudikira imfa, ndipo sadzaiwala amene anatseka chitseko.

Aphungu