Ndinamuthawa mpongozi wanga Emma

Amayi, kukucha bwanji kumene muliko?

Kuno ku Oshawa, pafupi ndi Toronto, tilipo, kungoti kuzizira kwayamba msanga ndipo bondo lija layambiranso. Kadimba ka kuseri kwa nyumba kandipatsa nkhwani ndi tomato wokwanira, koma chimanga chonse adya agologolo. Akuno ndi onenepa ngati ana a bwana, ndipo saopa munthu. Malemu mayi a Yamikani muli nawo komweko, muwauze kuti makatani awo sindinasinthe.

Mdzukulu wanu Yamikani tsopano ndi bambo. Mwana ndi wamwamuna, dzina ndi Dalitso, mphuno ndi yanu ndendende. Mayi wake ndi Emma, mtsikana wa ku Mangalande amene Yamikani anakumana naye kusukulu. Atakwatirana anasamukira ku Australia, kumene Yamikani anapeza ntchito ya kumigodi. Amapita pa ndege, kukakhala kumgodi masabata awiri, n'kubwera kunyumba sabata imodzi. Za Emmayu ndi zimene zandigwiritsa cholembera, chifukwa mtima wanga suli m'malo.

Mtsikanayu anasiya ntchito yake ya uphunzitsi, anasiya anzake, n'kutsata mwamuna. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Ku Australiako dzuwa limaotcha moti masana satuluka ndi khanda, ndipo amatha masiku atatu osalankhula ndi munthu wamkulu kupatula wa m'sitolo. Ine ndikamva izi ndinkati, mzungu ali kwa azungu anzake, Chingerezi n'chimodzimodzi, avutika chiyani? Ndinaiwala chaka changa choyamba ku Toronto, pamene ndinkakwera sitima popanda kopita kuti ndingokhala pakati pa anthu.

Munkandiuza kuti mpongozi ndi moto, timawothera patali, ndipo ine ndinasunga. Atabwera kudzandiona asanapite ku Australia, Emma anandithamangira kuti andikumbatire, ine ndinabwerera m'mbuyo n'kuwomba m'manja. Chakudya ndinkadyera pandekha pabalaza, iwo ali kukhitchini. Ndikafuna kudziwa ngati wagona bwino ndinkafunsa mwamuna wake, iye ali pomwepo. Akaimba foni ya kanema ndinkailozetsa kudenga, moni pang'ono, kenako n'kuti, "Mundipatse bambo a mwana." Ndinkadziona ngati munthu woleredwa bwino, ndipo ndinkanyadira kuti ngakhale kuno sindinataye mwambo wanu.

Sabata yatha Yamikani anaimba ali kumgodi. Anati, "Adadi, Emma wapakira sutikesi. Akufuna abwerere kwawo ndi mwana." Ndinayamba kumukalipira kuti mwamuna sasiya mkazi wa khanda yekha. Anandilola ndimalize, kenako anati, "Zimenezo ndavomera. Koma akutinso inu mumanyansidwa naye. Ndamufotokozera kangapo kuti ndi ulemu, iye akuti ulemu wanji wosayang'ana munthu kumaso. Ankayembekeza kuti kwathu apezako kholo."

Amayi, ndinachita manyazi, ndipo ndinapsa mtima, osadziwa kuti ndipsere ndani. Inu munandiphunzitsa bwino, koma kwathu ku Dedza mtengwa amene apongozi aamuna akumuthawa amakhala ndi apongozi aakazi, alamu ndi anzake a kumjigo. Ine ndinatenga kuthawa kokha, n'kuiwala kuti kumbuyo kwanga kulibenso wina womulandira. Paja ndinunso munkati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawu awiriwa ndi anu onse, ndipo andisowetsa mtendere.

Lamlungu nditabwera kutchalitchi ndinadikira mpaka dzuwa litapendeka, nthawi imene kwawoko kumakhala kutacha, n'kumuimbira Emma mwini. Anayankha modabwa, anati Yamikani kulibe. Ndinati ndikudziwa, ndikufuna inuyo. Foni sindinailozetse kudenga. Zaka zitatu ali m'banja mwathu, ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa kuti ali ndi kachipsera pachibwano, ndiponso kuti waonda kwambiri.

Ndinamufunsa ngati wadya. Funso linali lokhalo, koma analira mpaka mwana naye anayamba kulira. Ine ndinangokhala pomwepo osadula foni. Atatonthola anandionetsa nyumba yonse, ndi kamtengo ka mandimu kamene anabzala kakuuma ndi dzuwa. Sutikesi ndinaiona, ili kuseri kwa chitseko, yotseka. Sindinafunse, nayenso sanatchule.

Sindikudziwa ngati akhala. Ndikuopa, amayi. Akapita, banja la mdzukulu wanu latha, ndipo Dalitso adzakula akumva kuti agogo ake a ku Malawi sankafuna ngakhale kuona nkhope ya mayi ake. Tchuthi ndapempha kale kuntchito, ndikufuna ndikakhaleko mwezi wathunthu, ngati ndikamupeze.

Mundikhululukire pa chimene ndikukachita. Ndikakhala naye pa tebulo limodzi, ndikadya zimene waphika iye akuona, ndipo akadzandithamangiranso sindibwerera m'mbuyo. Ndikulonjeza kuti kufikira tsikulo ndizimuimbira Lamlungu lililonse, ngakhale atakhala kuti akuyankhira ku Mangalande.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani, makamaka sabata ino.

Ndine mwana wanu,
Lekeleni