Madzi Ofiira a Malume Josamu

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Ine ndidakali ku Joni kuno. Achemwali a Chisomo anachira mwana wamwamuna, ndipo chimanga cha kudimba kuja akuti chachita bwino. Digiri ndinatenga, koma ntchito yanga ndi yomata mayina pa timabotolo ta magazi mu labotale ina ku Benoni. Sindinaphunzirire zimenezo. Andiitana ku Cape Town kukapitiriza sukulu, ndipo chikwama ndinalongedza kale.

Chandichedwetsa ndi mlongo wanu, malume Josamu. Anawapeza ndi khansa ya m'magazi, mtundu woyenda pang'onopang'ono uja. Munkanena kuti ndikamafotokoza zinthu ndimathamanga ngati basi ikundisiya, ndiye lero ndiyenda bwino.

Magazi amapangidwa m'kati mwa mafupa. Maselo a m'menemo saswana mwachisawawa. Thupi limatumiza timadzi tina ngati amithenga: tikafika, maselo amaswana, tikasiya kufika, amaima. Mwa odwala matendawa, maselo oyera ena amaleka kudikira mthenga. Amangoswana osapuma, n'kudzaza m'mafupa mpaka maselo ofiira kusowa malo. Munthu amayezuka m'manja, kapamba n'kutupa, anthu n'kumati magazi achepa. Mapiritsi amene malume amamwa ntchito yake n'kuletsa kuswana kumeneko.

Mwezi watha mapiritsiwo anapitirira muyezo, maselo oyera abwino anatsika kwambiri. Adokotala anawauza kuti ayambe apumira, n'kuwabaya jekeseni ya amithenga aja kuti m'mafupa mudzuke. Atayezanso anati ayambirenso kumwa. Malume anakana.

Ndinapita ku Brakpan kumene amachita lendi. Ndinapeza mphika uli pamoto, akuwiritsa masamba a mapeyala amene amathyola kwa abwana awo ku Bedfordview, komwe amasamala maluwa. Madzi ake anali psuu, ngati amene tinkakupatsani inu.

"Afika adokotala a timabotolo," anatero. "Mphwanga, mzungu wakuchipatala wavomera yekha. Wandibaya yowonjezera magazi. Ndiye ndizimweranji mapiritsi omaliza magazi?"

Ndinawajambulira fupa pakatoni, timadontho m'kati mwake. Ndinati akasiya mapiritsi, nthendayi imatha kusintha n'kuyamba kuthamanga, ndipo ikatero kuibweza n'kovuta. Iwo anayang'ana chithunzicho n'kunena kuti fupa langalo likuoneka ngati chinangwa. Anaseka mpaka kutsokomola.

Apa ndinalankhula zimene mwana salankhula kwa malume ake. Ndinati, "Achemwali anu anamwa madzi amenewa mpaka tsiku lomaliza. Inuyo munali kuno, maliro munawaonera pafoni. Ine ndinali pomwepo, kapu ili m'manja."

Sindikudziwa ngati munadwala nthenda yomweyi, Amayi. Adokotala akuti si ya kumtundu. Kwathu kuja palibe anayeza mozama, anangoti magazi ndi ochepa. Koma mimba yanu inatupa kumanzere, ngati ya malume.

Malume anatembenukira kumphika kuja. Anazimitsa moto, ine n'kukakwera takisi osatsanzika.

Loweruka anandiimbira foni yoonana nkhope. Moni sanapereke. Anaonetsa piritsi pachikhatho, analiponya m'kamwa, n'kutsitsira madzi ofiira omwe aja.

"Waona? Aliyense agwire ntchito yake," anatero, n'kudula.

Ndinafunsa adokotala awo za masambawo. Anati ndi bwino piritsi azimwera madzi wamba, koma chachikulu n'chakuti asadumphitse. Nkhondo ya madziyo ndiimenya pang'onopang'ono, ngati ndingathe.

Ku Cape Town ndipitabe, musaganize kuti ndasintha. Ndawalembera akusukuluwo kuti ndifika malume akayezetsanso magazi, zotsatira ndikaziona ndi maso angawa. Ndili komweko, m'mawa uliwonse foni ya malume izilira, ndipo sindidzadula mpaka nditaona kukhosi kwawo kukuyenda. Limenelo ndi lonjezo langa kwa inu.

Ndimakukondani monga kale,

Ndine mwana wanu wopupuluma uja,
Tadala