Kagalasi Kako ndi Mabelo Anga

Chamama, Kasungu

Fainala mwana wanga,

Mabelo anga abwezedwa. Onse anayi. Thirakita yawatsitsa pakhomo pano m'mawa uno anthu akuona, ndipo a Jeremiya, apampando a kalabu yathu ya fodya, akana n'kukhala pansi komwe. Akuti ku okushoni atang'amba belo loyamba anapeza wofiira, wachikasu ndi wakuda ali mtolo umodzi, ngati wochita kusesa pabwalo. Fodya wa ine Lameki, amene anthu ankachoka ku Kaluluma kudzandifunsa kasankhidwe.

Za moyo, amayi ako ali bwino, koma mwendo uja basi. Mng'ono wako Feliya ndi ana ali bwino ku Mtunthama. Kaya iwe kuphiri lanulo ku Joni, chifuwa chija chinatha?

Ukukumbukira kagalasi kakuda kaja unandisiyira pa Khirisimasi? Tsiku lija ndinakufunsa kuti ntchito yakoyo kwenikweni n'chiyani, poti anthu kutchalitchi akandifunsa ndimangoti amaona nyenyezi. Unati si nyenyezi ayi, koma miyala ikuluikulu yoyenda kumwambako ndi maiko ena, zopanda moto wakewake, zongobweza kuwala kwa dzuwa. Unati kuwala pochoka kudzuwa kumakhala ngati fodya womwazika, mapesi uku ndi uku, koma kukagunda mwala kumabwerera kwina kutayang'ana kumodzi ngati womanga kale. Ndiye mumazungulitsa kagalasi pamakina anuwo, kuwala kukachepa apa, kukachuluka apo, mumayeza, n'kudziwa ngati mwalawo ndi wakuda ngati makala kapena wotuwa ngati phulusa, ngati fumbi lake ndi losalala kapena lamiyalamiyala. Mwala woti sunaugwirepo.

Ndinakuseka. Iwe unatenga tsamba la mango, n'kundiuza ndiyang'anire m'kagalasimo ndikukazungulitsa. Kunyezimira konse kwa tsamba kunazima, kunatsala mtundu wokhawokha. Unati ntchito yathu ndi imodzi, poti inenso ndimapendeketsa tsamba pakhomo la chigafa kuti kuwala kuchoke ndione mkati mwake.

Tsopano tamva, ndipo usalire pafoni ngati muja umachitira.

Maso anga akutha. Chaka chino n'chachiwiri. M'mbali monse mwada, ndimangoona pakati ngati ndikusuzumira m'paipi, ndipo dzuwa likawala patsamba ndimangoona mbee. Mwezi wa Febuluwale ndinanama kuti ndikukagula zingwe kuboma, ndinapita kuchipatala. Adokotala anati si ng'ala yoti angachotse. Ndi mtsempha wa diso ukuuma, zapitazo zapita, mankhwala odonthezawo n'ngongochedwetsa. Ndimawabisa m'thumba la jekete yakutchalitchi.

Itafika nthawi yosankha, ndinakumbukira kagalasi kako. Ndinati ngati kamamuuza mwana wanga za mwala uli kumwamba, kangalephere tsamba lili m'manja? Nditakazungulitsa, mbee uja anachokadi. Fainala, ndinasangalala ngati mwana. Ndinkaona mitsempha ya tsamba bwinobwino.

Masabata atatu ndinakhala pakhomo la chigafa, diso limodzi kutsinzina, linalo pakagalasi. Amayi ako anabwera kuti athandize, ndinawathamangitsa. Anandifunsa ngati ndikusankha fodya kapena ndayamba kuombeza maula. Ndinawayankha kuti izi ndi za sukulu, sangazimve.

Chimene sindinadziwe n'chakuti kagalasiko kamadetsa zonse. Kwa iwe wa maso awiri si kanthu. Kwa ine masamba onse anasanduka mtundu umodzi, ine n'kumati fodya wa chaka chino wafanana bwino. Sindikukunena iwe ayi. Kagalasi kanachita ntchito yake. Wopusa ndi mwini diso.

Ndiye m'mawa uno a Jeremiya andifunsa pamaso pa anthu kuti kodi bambo Lameki, posankhapo munali mutalawa? Anangoti aseke. Ine ndavomera. Ndati eya, ndinamwa. Ine amene ndinasiya mowa iwe usanabadwe, mkulu wa mpingo. Amayi ako anali pakhonde, anangolowa m'nyumba.

Ukudziwa chifukwa chake? Woledzera mawa amadzuka ali bwino. Wakhungu samupatsanso fodya. Ndinaona kuti bola anditche chidakwa chaka chimodzi. Koma tsopano nkhani ikafika kumpingo Lamulungu lino, ndipo a Jeremiya ati kalabu singamanyoze dzina lake chifukwa cha munthu mmodzi, akakambirana za ine Lachisanu. Kaya ndinene zoona, kaya ndipitirize bodza, konseko fodya ndamutaya. Ine china sindidziwa. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, chimene ndinaphunzira bwino ndi mtundu wa tsamba basi.

Mabelowo Feliya akuti abwera adzamasule ndi amayi ako, asankhenso msika usanatsekedwe. Ine ndidzakhala pambali ngati mlendo.

Usatumize kanthu. Usatumizenso galasi lina, palibe loti lingathandize. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Unati ubweranso chaka cha mawa mukamaliza kuyeza mwala uja ukudutsa pafupi, poti mwalawo ukapita sudzaonekanso zaka zambiri. Ndamva. Koma mwalawo udzabweranso, ngakhale mochedwa. Paipi yangayi ikuchepera mwezi ndi mwezi, taona zilembozi kukula kwake, pepala lachitatu ili.

Bwera mvula isanagwe. Udzafike m'mawa, udzaime pakhomo la chigafa chakum'mawa kuja, pamene kuwala kumagwa bwino, ndidzakuyang'ane popanda galasi. Pafoni nkhope yako imangonyezimira, sindikuona kanthu, ndimangoti eya wanenepa.

Amayi ako sindinawauze. Ukandiimbira usayambe iwe.

Undiperekere moni kwa anzako ogwira nawo ntchito, ndi amayi aja amakusungira nyumba. Mulungu akuyang'anire kuphiriko, uzivala zofunda.

Ndilekeze apa, amayi ako andiitana kawiri kuti mbatata zikuzizira. Masiku ano mbale amaiika pomwe pali dzanja langa. Ndipite ndikadye.

Ndine bambo ako,
Lameki Mwale