Ndagula Kachidutswa ka Fakitale

Lolemba, 11 Malichi

Ndalama zopumira pantchito zalowa kubanki. Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndikulongedza mabisiketi m'makatoni, potsanzika andipatsa maluwa atatu ndi chithunzi chojambulitsa ndi a Chitayi. Dzina lawo ndi Pârvulescu, mkulu wa fakitale, koma akangotembenuka tonse timati a Chitayi, chifukwa cha chitayi chawo cha m'khosi. Anandigwira dzanja n'kuti, "Mayi... eee... mayi wathu, tidzakusowani." Ndine Ortansa, bwana. Ndinayamba kukupatsani moni mudakali ndi tsitsi.

Gogu wadziwa kale. Mwamuna wangayu ukamuitana kuti akataye zinyalala samva, koma kauthenga ka kubanki katangolira pafoni yanga anakamva ali kubafa madzi akutuluka.

Lachiwiri, 12 Malichi

G. wandibweretsera khofi pabedi. Komaliza anachita zimenezi ndili ndi pakati pa Ilinca. Ndamufunsa ngati adokotala amuuza zoipa.

Nkhani ndi iyi: Titi, mnzake wometa uja, akuti akudziwa kampani ina yokumba gasi imene masheya ake akwera kakhumi isanafike Pasaka. "Tiikemo zonse, Ortansa. Mawa lomwe."

Tiikemo. Ine ndi ndani?

Ndamukumbutsa zimene zinatichitikira kale lija, titaika ndalama za galimoto m'thumba lina losonkherana ndalama limene ankalilengeza pa wailesi ya kanema tsiku ndi tsiku. Tinadzuka m'mawa wina, maofesi otseka, eni ake kulibe. Mpaka lero timakwera basi. Iye: "Nthawi imeneyo tinali mbuli." Ine: "Nanga unaphunzira liti, ine osaona?"

Lachinayi, 14 Malichi

Ilinca waimba kuchokera ku Torino. Akuti amayi, kulaibulale kuli maphunziro aulere a zandalama Lachinayi masana, pitani musanamvere adadi. Ndapita.

Tinalipo khumi ndi anayi, imvi zokhazokha. Theka anangotsatira kutentha kwa m'chipindamo, kuthawa kuzizira kwa panja. Wophunzitsa ndi Smaranda, mtsikana wa magalasi aakulu, amagwira ntchito kubanki koma akuti pano sagulitsa kanthu. Tiona.

Zimene ndagwirapo. Ukagula sheya wagula kachidutswa ka kampani. Ikapindula, amakugawirako. Ikagwa, wagwa nayo, ndipo palibe adzabwere kudzakupepesa. Bondi ndi china: ndiwe ukubwereketsa ndalama zako ku boma kapena ku kampani, iwo n'kulonjeza tsiku lobweza ndi chiwongoladzanja pamwamba. Phindu lochepa koma umagona tulo. Apa gogo Zamfir, amene ankayendetsa zombo pa Danube, anadzuka n'kukuwa kuti, "Ine kubwereketsa boma? Liyambe landibwezera mano anga!" Sitinamvetse kuti boma linawatenga bwanji manowo, koma tinaombera m'manja.

Kenako za thumba. Anthu ambirimbiri kusonkha pamodzi, n'kulemba munthu woti azigula pang'onopang'ono m'makampani ambiri, kuti imodzi ikagwa zinazo zikugwire. Ndinakumbukira galimoto lija. Smaranda akuti funsani zinthu ziwiri: kodi thumbalo ndi lolembetsedwa kwa oyang'anira, ndipo woliyendetsayo akudulapo zingati pachaka, chifukwa iye amadula zinthu ziyende zisayende. Ndinati ndiye ngati abambo athu a kutchalitchi, paukwati alandira, pamaliro alandira. Mayi wina anadzilemba mtanda. Koma anaseka.

Potuluka ndinamufunsa Smaranda za Titi. Anangoti, mondilemekeza ngati azakhali ake, "Tanti Ortansa, mukamufunse chifukwa chake akumetabe anthu."

Lamulungu, 17 Malichi

Mawa kusala kokonzekera Pasaka kuyamba, ndiye G. wadya nyama ya masabata asanu ndi awiri lero lomwe. Atakhuta wayambiranso za gasi. Ndamuuza funso la Smaranda. Akuti Titi amameta chifukwa amakonda anthu.

Lachinayi, 21 Malichi

Lero Smaranda anayamba ndi ndalama za pansi pa matiresi. Akuti sizibedwa, koma zimafota, chifukwa mafuta ophikira akukwera izo zili gone. Gogo Zamfir anayang'ana pansi. Tonse tadziwa pamene amasunga.

Kenako anaonetsa pakhoma mndandanda wa makampani a pamsika wa masheya. Ine maso ali pa mayina, mwadzidzidzi: fakitale yathu! Ili pomwepo, pakati pa kampani ya simenti ndi ya mapaipi.

"Imeneyo munthu angagule?"

"Aliyense."

"Ngakhale ine?"

"Ngakhale inu. Sheya imodzi mtengo wake sufika pa kilo ya tchizi."

Ndiye anawonjezera chinthu chimene chandisowetsa mtendere tsiku lonse. Akuti ngakhale uli ndi sheya imodzi yokha ndiwe mmodzi wa eni ake. Chaka chilichonse kumakhala msonkhano wa eni masheya, umalowa, umavota, umafunsa, ndipo mabwana ayenera kukuyankha. Wa kwathu uli kumapeto kwa Epulo.

A Chitayi kundiyankha INE.

Ndakumbukira kuti kalekale boma litasintha linatigawira timapepala ta masheya aliyense. Ife tinatisinthanitsa ndi wailesi ya kanema kwa munthu wina wa jekete lachikopa pamsika. Wailesiyo inapsa patatha zaka ziwiri. Munthuyo pano ali ndi hotela.

Lolemba, 25 Malichi

Ndachita. Ndekha, ndi chiphaso changa, dzina langa.

Theka ndabwereketsa boma, zaka zitatu. Ndinakaima pamzere kupositi ofesi ngati wodzapempha, chikhalirecho wobwereketsa ndine. Zambiri mwa zotsalazo ndaika m'thumba lolembetsedwa, lodula pang'ono. Mnyamata wa kubanki ndinamufunsa mafunso mpaka anamasula tayi. Zina ndasiya pafupi, za mano ndi maliro.

Ndipo masheya makumi awiri a fakitale.

Smaranda pafoni: "Masheya sagula chifukwa cha mkwiyo, tanti." Ndati ena amagula chifukwa cha Titi, bola ine.

G. sakundilankhula. M'nyumba muli bata lokoma.

Lachitatu, 27 Malichi

Ndayang'ana mtengo pafoni kokwana makumi atatu. Watsika pang'ono. Ndapsereza nyemba.

G. wayambanso kulankhula, kuti andiuze kuti watsika.

Lachiwiri, 2 Epulo

Sindinayang'ane tsiku lonse. Bodza. Kawiri.

Lachisanu, 5 Epulo

M'mawa masheya anga anadumpha. Osati a m'thumba, amenewo amayenda ngati nkhalamba yopita kukalandira mgonero. A fakitale. Ndinavina kukhitchini, ndinamuika G. foni pamphuno penipeni. Ndinayamba kuganiza zogula ena.

Cha m'ma folo kunabwera Aurica. Tagwira naye tebulo limodzi zaka makumi awiri, iye kumanzere ine kumanja. Sanavule n'chikhoti chomwe. Akuti dzulo kampani yalengeza kuti ikubweretsa makina olongedza okha, chipinda chathu chonse chitsekedwa mu Juni. Azimayi makumi anayi ndi atatu. Iye zatsala zaka zitatu kuti afike pa penshoni, ndipo mwamuna wake chimugwireni sitiroko sadzuka pampando.

"Ndani adzandilembe ntchito ine, Ortansa? Ndi maondo awa?"

Ndinafunsa kuti analengeza nthawi yanji. Dzulo madzulo. Ndiye mtengo unakwera m'mawa.

Sindinamuuze kuti ndinavina. Ndinamuthirira tiyi. Atapita ndinakhala pampando mpaka tiyi wanga anazizira.

Loweruka, 6 Epulo

Ndamuuza Aurica za masheya anga. Ndinapita kwawo ndi botolo la zacusca, ndiwo yathu ya mabiringanya ndi tsabola, ngati wokapepesa mlandu. Anati, "Ndiye iwe ndiwe bwana wanga?" Ndati kachidutswa kokha. "Kachidutswa kake kati?" Ndati mwina chitseko cha kuchimbudzi chija chosatsekeka. Anaseka mpaka misozi, kenako inasanduka misozi yeniyeni.

Lachinayi, 11 Epulo

Ndinatsalira ena atatuluka. Ndinamufunsa Smaranda ngati n'zoona kuti ndalama zanga zakwera chifukwa Aurica akuchotsedwa. Sanazembe. Akuti inde, ogula aona kuti kampani iziwononga zochepa pamalipiro. Ndati ndiye ndigulitse, zikundinyansa. Akuti mutha kugulitsa, wina agula, Aurica achotsedwabe. "Koma mukagulitsa, pakhomo la msonkhano sakulowetsani."

Mavoti anga ndi makumi awiri. Onse pamodzi alipo mamiliyoni asanu ndi atatu. Ndinaseka ndekha.

Tinatsegula lipoti la pachaka la kampani, masamba zana ndi kanthu. Iye amawerenga ngati nyuzipepala. Kutsogolo kuli chithunzi cha a Chitayi akumwetulira ndi mawu akuti antchito ndi banja lathu. Kumbuyo kwenikweni, m'timalemba ta nyerere, akupempha eni masheya avomereze magalimoto atsopano asanu a mabwana. Ndinamupempha andisindikizire tsamba limenelo.

Lolemba, 15 Epulo

Masheya a kampani ya gasi ya Titi awaimitsa pamsika. G. akuti iye ankakayikira kuyambira pachiyambi. Wapita kukametetsa kwina.

Lachitatu, 24 Epulo

Ndayeserera pagalasi kasanu zokalankhula kumsonkhano mawa. Nthawi zonse ndikumathera kutukwana. Aurica wandilembera papepala mayina onse a azimayi ochotsedwawo.

G. watulutsa suti yake ya paukwati wa Ilinca. Ndati iwe ulibe sheya, sakakulowetsa. Akuti akaima panja. "Akakakutulutsa mokukoka pakhale wokunyamulira chikwama."

Lachinayi, 25 Epulo

Pageti Vasile mlonda ananditsekereza. "Tanti Ortansa, mwaiwala kuti munapuma?" Ndinamuonetsa chiphaso, anayang'ana pamndandanda wake, anandiyang'ana ine, anavula chipewa mosadziwa chochita nacho.

Holo ili pamwamba, kumene zaka zonsezi sindinapondeko. Kapeti, madzi a m'mabotolo, mabisiketi athu omwe m'mbale. Ndinaona kuti ena ndi othyoka m'mbali, ife tikanawataya. Mipando makumi asanu, anthu khumi ndi mmodzi. Maloya, madoda awiri ogona, ndi mnyamata wina wa suti yotuwa amene akuti akuimira thumba lina la penshoni lokhala ndi masheya ochuluka zedi.

A Chitayi analankhula mphindi makumi anayi. Chaka chabwino, tsogolo lowala. Wapampando anafunsa ngati pali funso, akutseka kale faelo yake. Ndinaimika dzanja.

Ndinafunsa kuti akuchotsa anthu angati. A Chitayi anasuzumira papepala la mlembi n'kuti, "Mayi Buzatu, tikuthokoza chifukwa cha funso lanu. Pafupifupi makumi anayi."

"Makumi anayi ndi atatu. Atatuwo mwawadya?"

Doda mmodzi anadzuka kutulo. Ndinayamba kuwerenga mayina, aliyense ndi zaka zimene zamutsalira kuti afike pa penshoni. Wapampando anandidula pa dzina lachisanu ndi chinayi, akuti za makina si nkhani yovotera lero. Ndati chabwino, tikambe yovotera. Ndinatulutsa tsamba lija. "Ine monga mwini wake ndikufuna kudziwa: magalimoto amene muli nawowa adwala chiyani? Ndawaona panjapa, akuwala kuposa mbale za kwanga. Ndalama imeneyi singasunge azimayi khumi ndi awiri amene atsala pang'ono, mpaka afike pa penshoni?"

A Chitayi anafiira mpaka m'makutu. Anayamba za kuti mayi, zinthu izi n'zovuta kuzimvetsa. Ndati ndili ndi nthawi, ndinapuma pantchito. Ndipo zilembedwe m'buku la msonkhano, funso langa ndi yankho lanu, Smaranda anandiuza kuti ndi ufulu wanga.

Apo mnyamata wa suti yotuwa uja anakweza cholembera. Mwaulemu kwambiri, ngati akupempha mchere, anati nayenso sakuona chifukwa cha magalimotowo chaka chino, ndipo akufuna yankho lolemba pa za azimayi khumi ndi awiriwo. Sindikudziwa ngati unali mtima wabwino kapena kuumira chabe. Sindinamufunse.

Magalimoto anakanidwa. Mavoti ake ndiwo anagwetsa, anga makumi awiri anangoperekeza. Makina akubwerabe mu Juni. Za khumi ndi awiriwo akuti "aziunikanso" ndipo ayankha pasanathe mwezi. Mawu amenewo ndimawadziwa, koma ulendo uno alembedwa.

Potuluka ndinatenga mabisiketi odzaza dzanja. Ndi anga.

G. ndinamupeza pageti akuuza Vasile kuti nzeru yogula masheyawo inali yake.

Loweruka, 27 Epulo

Ndimati lero ndichape makatani a Pasaka. Naini koloko belu. Aurica, kumbuyo kwake azimayi a m'chipinda chathu, mpaka pamasitepe. Ndinawerenga khumi ndi asanu ndi awiri ndisanasiye. G. anathamangira kwa aneba kukabwereka mipando, atavala kabudula wamkati.

Ndinayamba kuwauza kuti palibe chimene chatsimikizika, kuti asayembekezere zambiri, kuti masheya amatsika, asaikemo ndalama ya chakudya. Aurica anandidula.

"Zimenezo tamva. Ife tikufuna sheya imodzi imodzi basi. Atichotse, asatichotse, chaka chamawa tikakhala pakapeti paja tonse." Anakhuthula chikwama chake patebulo, ziphaso zokhazokha. "Tiyambire pati?"