Nthenga ya Nkhuku pa Injini ya Kombi

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo, koma otopa. Chimanga chachitako pang'ono, nyemba zambiri zinaolera m'munda. Loweruka lililonse tikulima munda wa sukulu, ndipo Chipwitikizi changa chikadali chotsimphina. Uvuni wanu wa mapau, buledi uja, uli pomwepo, wozizira. Ufa wa tirigu sukuonekanso ku loja, sitolo yathu ija.

Nkhani yaikulu ndi ya achemwali Rosa. Anabwera kudzadikirira kuno, ndipo anamwino anati mwana wakhala mopingasa, asayese kuchirira pakhomo. Abambo anakapeza gazolina, petulo wa kombi, kutsidya kwa Ruo, malita anayi m'chigubu, n'kubwera naye pa njinga ataphimba ndi masamba a nthochi. Gazolina wina kunalibe. Mukudziwa nokha zimene kombi yathu inachita ndi malita anayi chaka chatha: inatithera gazolina pa mlatho wa mitengo uja, inu muli chigonere kumbuyo, chipatala cha ku Milange chikadali kutali.

Injini ija sinasinthe. Ngakhale galimoto itaima, phazi lili kutali ndi pedalo, imalira mokweza ngati ikukwera phiri. Abambo ankati ndi ukalamba basi. Chimwalirireni inu safuna n'kutsegula komwe kachitseko ka injini kumbuyo kuja. Choncho ndinayamba ndekha, masana ndikaweruka, ndi kabotolo kamodzi ka gazolina kamene ndinapungula m'chigubu osawauza.

Poyamba ndinaganiza kuti waya wochokera ku pedalo wakungika kwambiri, poti abambo anaulumikiza ndi waya wa mabuleki a njinga. Ndinaumasula mpaka unalendewera, koma kulira kunali komweko. Tsiku lachiwiri ndinatsuka kachitseko kamene kamatseka injini ikazizira, pamwamba pa kabuleta, chipangizo chosakaniza gazolina ndi mpweya. Kanali kutseguka bwinobwino. Ndinapotoza sikuluwu yochepetsera kulira mpaka inafika pothera. Palibe chinasintha, koma kabotolo kanali katafika pakati. Nthawi iliyonse imene ndinkaliza injini ndinkaona ngati ndikuwabera achemwali mtunda.

Tsiku lachitatu sindinafulumire kuigwira. Ndinakhala pansi kutsamira uvuni wanu, manja ali bii. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira zimene munkanena nkhuni zikamatha msanga: moto ukamalusa usadzudzule nkhuni, funa polowera mphepo. Munkatenga nthenga ya nkhuku n'kuiyendetsa pang'onopang'ono m'mbali mwa uvuni mpaka itagwedezeka pa mng'alu, kenaka n'kumatapo dongo.

Ndinatola nthenga kukhola, n'kuthira gazolina wotsala uja mu kombi, n'kuliza injini. Nthengayo ndinaiyendetsa motsatira paipi yochokera pansi pa kabuleta, ndikusamala lamba wa injini kuti asandikole chala. Kumanja kunalibe kanthu. Kumanzere, pa mphira yolumikiza paipi, nthenga inandiphonyoka n'kukakamira pansi pake, posaoneka ndi maso. Nditatsekapo ndi chala, injini inatsika mawu nthawi yomweyo, Amayi, ngati mwana amene wapatsidwa bere. Inkayamwa mpweya pamenepo, ndipo kuti isamatsokomole abambo anali atatsegula kwambiri sikuluwu ya gazolina. Ndiko kunali kumwa konse kuja.

Ndinadula chubu chakale cha njinga, n'kukulunga katatu, n'kumanga ndi waya. Sikuluwu zonse ndinazibwezera m'malo mwake. Abambo anamva ali kudimba, anabwera ndi khasu lawo n'kuima kumvetsera nthawi yaitali. Za chigubu chopunguka sanafunse.

Matenda anawayamba achemwali Lachinayi m'mawa. Abambo ankayendetsa, ine ndinali kumbuyo khutu lili ku injini. Tinafika pa mlatho uja. Tinawoloka. Tinafika kuchipatala, ndipo gazolina anatsalako woti n'kubwerera mpaka theka la njira. Kwinako kombi inakokedwa ndi ng'ombe. Mwana ndi wamkazi, anabadwa ndi mpeni, koma onse ali bwino. Amutcha dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu, ndipo amalira kuposa kombi.

Chilipo chimodzi chimene sindinauze munthu. Nditavula mphira ija kuti ndiikulunge, ndinaona kuti mng'alu wake sunali watsopano. Unali wakuda, wouma, wodzaza fumbi la zaka. Unalipo tsiku lija. Ine ndinakhala kumbuyo ndi inu ulendo wonse, ndinkaimva injini ikulira choncho, ndipo nthenga zinali mbwee pabwalo pathu. Abambo sindiwauza, msana wawo wapindika kale. Ndakuuzani inu chifukwa ndatopa kuchisenza ndekha.

Mvula isanabwere ndimata uvuni wanu, ngakhale kulibe chophikamo. Ndipo mwanayu akadzakula ndidzamuphunzitsa kugwira nthenga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Alberto